MWANA WAKHANDA NDI MLEZI WACE WATSOPANO

Mseu wa anthu a nchito

Mzinda wa Livingstone uli kumwera kwa dziko la Zambia, pafupi ndi mtsinje wa Zambezi. Mzindawu unayamba kukula m'caka ca 1905, pamene anatsiriza kumanga mlatho wa njanji pa mathithi a Victoria Falls. Kuyambira 1911 kufikira 1935 unali likulu la dziko lonse, limene masiku amenewo dzina lace linali Northern Rhodesia. Pambuyo pace Boma linasamukira ku Lusaka.

Mseu waukulu wa mzindawu ndi Mosi-oa-Tunya Road. Dzinali ndilo dzina lakale la mathithi aja, ndipo tanthauzo lace ndi "utsi umene ugunda," pakuti madzi akagwa m'phompho, nthunzi yace ikwera kumwamba ngati utsi, ndipo mkokomo wace umveka kutali. Mseuwo ulowa m'mzinda kucokera ku Lusaka, nupyola pakati pa masitolo, mabanki ndi maofesi, nupitirira makilomita ngati 10 kufikira ku mathithi ndi ku mlatho wolowera m'dziko la Zimbabwe. M'mbali mwace muli nyumba yosungiramo zinthu zakale, ndiyo Livingstone Museum, imene inayamba mu 1934. Mulinso msika wa ziboliboli wa Mukuni Park, ndi mahotela ambiri ofikiramo alendo odzaona mathithi.

Tsiku liri lonse m'mamawa anthu ambirimbiri acoka m'makomboni a Maramba, Libuyu, Linda ndi Dambwa kudza ku mseu umenewu. Mwa iwo muli akazi ambiri. Ena aphika ndi kuyala m'mahotela, ena awerenga ndalama m'mabanki, ena agulitsa m'masitolo, ndipo ena aoloka mlatho ndi katundu wao wa malonda. Ambiri a akazi amenewa asiya ana akhanda kunyumba, m'manja mwa munthu wina.

Munthu wosunga mwana wa mwini ndiye mlezi. Mau awa acokera ku mau akuti kulera. Mlezi angathe kukhala ambuye ace a mwanayo, kapena amace ang'ono, kapena atate wace, kapena mkazi wolembedwa nchito. Phunziro lino lifotokoza za masiku oyamba a mwana ndi mlezi wace watsopano, makamaka za kudya ndi za kugona, pakuti pa zinthu ziwirizi mpamene mabvuto ambiri ayambira.

Cifukwa cace mwana asintha manja msanga

M'caka ca 2019 Nyumba ya Malamulo ya Zambia inapanga lamulo la anchito, dzina lace Employment Code Act. Lamulolo linapatsa mkazi wolembedwa nchito chuthi ca masabata 14 pa nthawi yobala mwana. Ngati wakhala zaka ziwiri pa nchito imodzimodzi, alandira malipiro ace onse pa chuthico. Linapatsanso mai woyamwitsa ora limodzi tsiku liri lonse la nchito, kapena mphindi 30 kawiri, kuti ayamwitse mwana wace, kufikira mwanayo atakwana miyezi 6.

Tsono masabata 14 ndiyo miyezi itatu ndi masiku owerengeka. Koma bungwe loyang'anira za umoyo pa dziko lonse lapansi, World Health Organization, linalangiza m'caka ca 2001 kuti mwana aziyamwa bere lokha kwa miyezi 6 yoyamba, osalawa kanthu kena kali konse, ndipo pambuyo pace apitirize kuyamwa pamodzi ndi zakudya zina kufikira zaka ziwiri kapena kuposerapo. Cotero mai abwerera ku nchito mwana wace akali kudalira bere. Mkazi wogulitsa pa msika alibe ndi chuthi comwe. Ana ena asintha manja cifukwa amao adwala nagonekedwa m'cipatala, ndipo ena cifukwa atsala amasiye. Ana onsewa ayenera kuzolowera munthu wina, ndipo nkofunika kudziwa njira yowathandizira.

Zimene mwana wakhanda adziwa

Anthu ena aganiza kuti khanda silidziwa kanthu, ndi kuti ali yense wolipatsa mkaka ali cimodzimodzi kwa ilo. Izi si zoona. Mwana wa masiku owerengeka okha azindikira kale mau a amace ndi pfungo la thupi lao. Iye sadziwa kuwerenga maora, ndipo sangamve mau akuti, "Amako abwera madzulo." Cimene adziwa ndi cizolowezi, ndiko kutsatana kwa zinthu tsiku ndi tsiku. Adziwa kuti akalira, dzanja lakuti limnyamula. Adziwa kuti akasamba ayamwa, ndipo akayamwa agona. Zinthu zikamacitika mwa dongosolo lomwelo, mtima wace ukhala pansi. Zikasinthika zonse tsiku limodzi, acita mantha, nakana kudya, nasowa tulo.

Zinthu izi anthu ophunzira anazifufuza bwino, ndipo kufufuza kwina kunacitika mu Africa. M'zaka za 1954 ndi 1955 mai wina wophunzira za maganizo a ana, Mary Ainsworth, anayendera mabanja 26 m'midzi ya pafupi ndi Kampala, m'dziko la Uganda. Ankafika pa nyumba iri yonse kawirikawiri kwa miyezi yambiri, nakhala pansi, napenyerera ana ndi amao. Anaona kuti mwana amene wayamba kukwawa acoka pa miyendo ya amace kukaseweretsa zinthu, koma aceukaceuka kuona ngati alipo. Amace akaturuka, alira kapena awalondola. Anaonanso kuti ana amene amao amazindikira msanga zofuna zao sanali olirira, ndipo ndiwo anali olimba mtima poyendayenda. Zimene anapezazo anazilemba m'buku la Infancy in Uganda, limene linaturuka mu 1967.

M'caka ca 1964 anthu ena awiri, Rudolph Schaffer ndi Peggy Emerson, analengeza zimene anaona pa ana 60 a m'mzinda wa Glasgow, ku Scotland. Anapeza kuti pofika miyezi 18 ana ambiri anali atakonda anthu angapo, osati amao okha ai. Ndipo munthu amene mwana anamkonda koposa sanali nthawi zonse womdyetsa, koma iye amene ankasewera naye ndi kumyankha akafuna kanthu. Ici cionetsa kuti mwana akhoza kukonda mlezi wace popanda kuiwala amace. Makolo a kuno anadziwa zimenezi kale, pakuti anati, "Mwana wa mnzako ngwako yemwe."

Msinkhu wa mwana uli nayo kanthu pa nkhaniyi. Mwana wa miyezi itatu sakana munthu kwenikweni, ndipo bvuto lace lalikulu ndi kadyedwe. Koma pofika miyezi 7 kapena 8 ana ambiri ayamba kucita cilendo. Akaona nkhope yosaidziwa abisala pa cifuwa ca amace, ndipo amace akacoka alira kwambiri. Kucita cilendo si matenda, ndiponso si mwano. Ndi cizindikiro cakuti nzeru za mwanayo ziri kukula.

Ana asanu a ku London

Ku England kunali mwamuna ndi mkazi wace, James Robertson ndi Joyce Robertson, amene anafuna kudziwa cimene cimsautsa mwana akasiyana ndi amace. Pakati pa 1967 ndi 1973 anaturutsa zithunzi zoyenda zisanu za ana asanu. Anawo anali a msinkhu wa pakati pa miyezi 17 ndi zaka ziwiri ndi theka, ndipo amao onse anapita ku cipatala kukabala mwana wina.

Mwana mmodzi, mnyamata wa miyezi 17, anamsiya masiku 9 m'nyumba yosungiramo ana ambiri. Anamwino a kumeneko anali okoma mtima, ndipo zakudya zinali zokwanira. Koma anamwinowo ankasinthanasinthana, kotero kuti panalibe mmodzi amene anali wace wa mwanayo. Masiku oyamba iye anayesa kudziphatika kwa uyu ndi uyo, koma ali yense anali wotanganidwa. Pambuyo pace anayamba kulira kosaleka, nakana cakudya, nasowa tulo. Potsiriza anangokhala cete atakumbatira cidole. Tsiku limene amace anadza kudzamtenga, anawafulatira nalimbana kuti acoke m'manja mwao.

Ana anai enawo a Robertson anawatengera ku nyumba kwao, mmodzi pa nthawi imodzi. Koma asanatenge mwana, Joyce Robertson anayamba wacezerana naye amace alipo, kufikira atazolowerana. Anafunsa za zakudya zimene mwanayo akonda, za nthawi yace yogona, ndi za mau amene amace anena naye. Mwana anabwera ndi zopfunda zace ndi zidole zace, ndipo atate wace ankadza kudzamuona. Ana amenewa anapukwadi amao, ndipo nthawi zina analira ndi kukwiya. Koma sanaleke kudya, kugona ndi kusewera, ndipo amao pobwera anawalandira ndi cimwemwe.

Ana asanu onsewa anasiyana ndi amao. Kusiyana kwace nkwakuti anai aja anali ndi mlezi mmodzi wodziwika amene anasunga cizolowezi cao. Ngakhale anawo anali okulirapo kuposa khanda, phunziro lace ligwira nchito pa mwana ali yense. Mlezi ayambe waphunzira makhalidwe a mwana, ndipo pamenepo mwana adzaphunzira makhalidwe a mlezi.

Kuzolowerana pang'onopang'ono

Mai wanzeru sadikira tsiku lobwerera ku nchito kuti aitane mlezi. Amuitana kukali masabata awiri kapena kuposerapo. Masiku oyamba mlezi angokhala pafupi ndi kupenyerera. Aona umo mai agwirira mwana, umo amsambitsira, ndi umo amgonekera. Asafulumire kumlanda mwana m'manja mwa amace, koma alankhule naye mofatsa, amsekerere, ndipo adikire kuti mwanayo atambasule yekha manja.

Pakapita masiku awiri kapena atatu, mlezi ayamba kugwira nchito zina amace ali pomwepo. Lero amsintha thewera, mawa amsambitsa, mkuca amdyetsa. Kenaka mai aturuka kanthawi kocepa, monga kukatunga madzi kapena kukagula ndiwo, nabwerera. Tsiku lotsatira acedwerapo pang'ono, ndipo tsiku lina akhala theka la tsiku. Potero mwana aphunzira cinthu cacikulu, cakuti amace akacoka amabweranso.

M'masiku omwewo mai afotokoze zonse za mwana wace, ngakhale mleziyo akhale munthu wamkulu amene analera ana ambiri, pakuti ana sali cimodzimodzi. Amuuze nthawi zimene mwana adya ndi kucuruka kwa cakudya cace, kaliridwe kace ka njala ndi ka tulo, nyimbo imene imtonthoza, ndi zinthu zimene aopa. Amuonetse pamene pakhala khadi la ku sikelo, ndi njira ya ku cipatala ca pafupi, ndipo amsiyire nambala ya lamya. Nkwabwino kulemba zonsezi pa pepala ndi kulipacika pa khoma.

Mlezi naye ali ndi dongosolo la nyumba yace. Kapena ali ndi ana ena opita ku sukulu, kapena aphika nsima pa nthawi yosiyana ndi ya kwao kwa mwanayo. Si kulakwa kufuna kuti mwana alowe m'dongosolo limenelo. Koma sabata loyamba atsate cizolowezi cakale monga momwe ciri. Pambuyo pace asinthe cinthu cimodzi cokha, ndipo mwana akazolowera asinthe cina. Ngati afuna kuti mwana azigona ora limodzi msanga, asunthe nthawiyo ndi mphindi 15 pa masiku awiri kapena atatu ali onse, kufikira ora litakwana. Akulu anati, "Kuona maso a nkhono nkudekha."

Za kudya

Mwana wosakwana miyezi 6 cakudya cace ndi mkaka wa amace, ngakhale amacewo ali ku nchito. Mai ayamwitse mwana asanacoke. Kenaka asambe m'manja ndi sopo, nafinyire mkaka wa m'mawere m'kapu yoyera yokhala ndi cibvundikiro. Mkaka wotere ukhala wabwino maora anai pa malo ozizira bwino a m'nyumba, ndipo m'firiji ukhala masiku anai. Ku Livingstone kutentha kwambiri, makamaka mwezi wa October, cotero mkaka suyenera kuikidwa pa dzuwa kapena pafupi ndi moto. Ndiponso firiji siithandiza magetsi akazima nthawi yaitali, monga zinacitikira m'caka ca 2024 pamene madzi anacepa m'nyanja ya Kariba. Mkaka wozizira sauwiritsa. Angoimika kapu yace m'mbale ya madzi ofunda kwa kanthawi.

Anamwino alangiza kumwetsa mwana ndi kapu yaing'ono koposa ndi botolo, cifukwa botolo libvuta kutsuka, ndipo litsiro lotsalira m'menemo litsegula mwana m'mimba. Mlezi akhazike mwana pa miyendo yace, mutu uli m'mwamba. Aike mlomo wa kapu pa mlomo wa m'munsi wa mwana, napendeketse pang'ono kuti mkaka ungokhudza milomo. Mwana amwa yekha. Kuthira mkaka m'kamwa nkoopsa, pakuti mwana angatsamwe. Akatha kumwa, amtsamize pa phewa ndi kumsisita kumsana kuti ageye. Ana ambiri akana kapu amao ali pafupi, popeza adziwa kuti bere liripo. Cifukwa cace nkwabwino kuti mlezi ndiye amphunzitse, mai ataturuka panja.

Mlezi asadikire kuti mwana alire kwambiri. Mwana wanjala ayamba watembenuza mutu uku ndi uku, natsegula pakamwa, nayamwa zala. Akafika polira kolimba abvuta kumwetsa. Mwana akakhuta atseka pakamwa kapena ayang'ana kumbali, ndipo sayenera kukakamizidwa. Masiku oyamba ana ena amwa pang'ono usana, nayamwa kawirikawiri usiku amao atabwera. Ici si codabwitsa, ndipo kuyamwa kwa usikuko kuthandiza kuti mkaka wa mai usaphwe.

Pa nkhani ya madzi ndi phala mpamene mai ndi mlezi asiyana maganizo kawirikawiri. Ambuye a mwana wa miyezi itatu angathe kunena kwa mwana wao wamkazi kuti, "Mwana wanga, kunja kwatentha cotere, ndipo mdzukulu wangayu ali ndi ludzu. Leka ndimpatse timadzi ndi kaphala kamadzimadzi. Iwenso ndinakulera comweco." Mai wamakhalidwe sawakalipira, pakuti alankhula cifukwa ca cikondi. Ayankha kuti, "Zikomo amai, munandilera bwino ndithu. Koma ku sikelo anatiphunzitsa kuti mkaka wa m'mawere uli ndi madzi okwanira, ndi kuti m'mimba mwa mwana wotere simunakhwime. Tiyeni tipite tonse tsiku la sikelo, kuti mukamve nokha kwa anamwino." Anamwinowo anena zoona, pakuti mwa magawo 100 a mkaka wa m'mawere, magawo oposa 80 ndi madzi. Phala loyamba msanga lidzaza mimba popanda kupatsa mphamvu zokwanira, ndipo madzi osawiritsa alowetsa matenda.

Mwana akakwana miyezi 6 ayamba kudya. Poyamba apatsidwa masupuni awiri kapena atatu a phala, kawiri kapena katatu pa tsiku. Kuyambira miyezi 9 adya katatu kapena kanai, ndi tizakudya tina pakati. Phala likhale lolimbirapo, losayenderera pa supuni, ndipo athiremo nsinjiro za mtedza, kapenta wosinja, dzira lopsa bwino, nyemba zopota kapena masamba a dzungu. Nthoci, papaya ndi mango zithandizanso. Uci suyenera kupatsidwa kwa mwana wosakwana caka cimodzi. M'sabata loyamba mlezi aphike zakudya zimene mwana azidziwa kale, m'mbale yace ndi supuni yace yomwe ija. Zakudya zatsopano zidikire kufikira mwana atazolowera munthu watsopano.

Ngati mwana sangapeze mkaka wa amace, monga mwana wamasiye, abale apite naye ku cipatala kukafunsa. Akauzidwa kumpatsa mkaka wa m'citini, ausungunule ndi madzi owiritsa monga mwa muyeso wolembedwa pa citinico. Kucurukitsa madzi kuti mkaka ukhalitse kuondetsa mwana.

Za kugona

Mwana akula ali m'tulo. World Health Organization inalengeza mu 2019 kuti mwana wosakwana miyezi inai afunika kugona maora 14 kufikira 17 pa usana ndi usiku, wa miyezi 4 kufikira 11 maora 12 kufikira 16, ndipo wa caka cimodzi kapena ziwiri maora 11 kufikira 14. Tulo timeneti sagona nthawi imodzi ai, koma mwa zigawo.

Kugona kubvuta koposa kudya pa masiku oyamba, cifukwa mwana sagona ngati mtima wace uli m'mwamba. Mwana amene anazolowera kugonera pa bere adabwa kuona kuti mlezi alibe berelo. Tsono mlezi asunge zina zonse zimene angathe kusunga. Ngati amace amayamba amsambitsa, namdyetsa, nambereka, namyimbira, iyenso acite zomwezo mwa dongosolo lomwelo ndi nyimbo yomweyo. Cithandiza kwambiri kumbereka ndi citenje cimene amace anabvala, pakuti ciri ndi pfungo lao. Pombereka aonetsetse kuti mphuno ndi pakamwa pa mwana siziphimbika.

Mlezi aphunzirenso zizindikiro za tulo. Mwana wa tulo ayasamula, atikita m'maso, akoka khutu, ndipo aleka kusewera. Imeneyo ndiyo nthawi yomgoneka. Akapitirira pamenepo atopa koposa, nalira osatonthola.

Pali malamulo ena a kagonekedwe amene sasinthika, kaya mwana ali ndi amace kaya ali ndi mlezi. Mwana wosakwana caka cimodzi agonekedwe cagada, osati cafufumimba kapena cammbali. Ku Britain anayamba kuphunzitsa anthu onse lamulo limeneli mu 1991, ndipo m'zaka zocepa imfa za makanda omwalira mwadzidzidzi m'tulo zinacepa koposa theka. Mwana amene anazolowera kugona cagada akhala pa ngozi yaikulu ngati mlezi amgoneka cafufumimba, cotero mai anenetse za ici. Pogona pakhale posalala ndi polimba, popanda mtsamiro, ndipo copfunda cisafike kumaso. Mwana agone m'neti ya udzudzu, pakuti malungo apha ana ang'ono msanga. M'miyezi yozizira ya June ndi July mbaula ya makala isalowe m'cipinda cotseka, cifukwa mpweya wace upha anthu ali m'tulo. Fodya asasutidwe m'nyumba muli mwana.

Mwana akalira kosaleka, mlezi ayang'ane thewera, njala, kutentha ndi kuzizira. Ngati zonse ziri bwino, amnyamule ndi kuyenda naye pamthunzi. Mtima ukayamba kumpsa, amgoneke pa malo abwino, napume pang'ono, kapena aitane mnansi. Asamgwedeze mwana mwaukali ngakhale kamodzi, pakuti kutero kubvulaza ubongo wace, ndipo angathe kufa kapena kupunduka moyo wace wonse. Asampatsenso mowa kapena mankhwala omgonetsa.

Kutsazika, kubwera ndi zizindikiro

Mai asacoke mozemba. Mwana amene amace angosowa mwadzidzidzi ayamba kuopa nthawi zonse, nakana kutsika pa msana. Mai atsazike ndi mau ocepa omwewo tsiku liri lonse, ampereke m'manja mwa mlezi, napite osabwererabwerera. Ana ambiri alira kanthawi kocepa, natonthola. Madzulo mai akafika, ayambe wakhala pansi ndi kuyamwitsa asanagwire nchito zina. Pamenepo mlezi amuuze zoona zokhazokha za tsikulo: mwana wadya kangati, wagona nthawi yanji, ndipo wanyowetsa matewera angati.

Mwana amene ali kuzolowera aoneka. Atonthola mlezi akamnyamula, amsekerera, asewera, anyowetsa matewera 6 kapena kuposerapo pa usana ndi usiku, ndipo mzere wa pa khadi la ku sikelo ukwerabe. Ana ena azolowera m'masiku ocepa, ena atenga masabata angapo. Ngati papita nthawi yaitali mwana alikulirabe tsiku lonse, kapena wangoti zii osasewera, makolo afufuze bwino umo asungidwira, ndipo afunse anamwino.

Koma mlezi asayese cilendo zinthu zimene ziri matenda. Mwana akakana kuyamwa kapena kumwa konse, akasanza ciri conse, akatentha thupi, akapuma mofulumira, akakomoka, akafooka osadzuka, kapena akatsegula m'mimba maso ndi liwombo nkulowa m'kati, apite naye ku cipatala nthawi yomweyo. Atumize mau kwa makolo ali pa njira, osadikira kuti aweruke ku nchito.

Mlezi wamng'ono

Ana ambiri a sukulu, anyamata ndi asungwana omwe, athandiza kulera ang'ono ao akaweruka. Nchito imeneyi ndi yolemekezeka. Mwana wa sukulu akhoza kuyimbira khanda, kusewera nalo, kutsuka kapu yace, kukunga neti, ndi kuwerengera ambuye ace zolembedwa pa khadi la ku sikelo. Nthawi zambiri nkhope yace ndiyo imene khanda liidziwa kale, ndipo kukhalapo kwace kulithandiza kuzolowera mlezi watsopano. Koma iye sayenera kusiyidwa yekha ndi khanda tsiku lonse, kapena kujomba ku sukulu cifukwa ca kulera. Akaona cinthu cacilendo pa mwana, aitane munthu wamkulu msanga. Kulera mwana ndi nchito ya banja lonse, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Mafunso

1. Kodi dzina lakuti Mosi-oa-Tunya litanthauza ciani?
2. Lamulo la 2019 lipatsa mai wobala chuthi ca masabata angati? Nanga mwana ayenera kuyamwa bere lokha miyezi ingati?
3. Mary Ainsworth anaona zotani m'midzi ya ku Uganda?
4. Fotokozani kusiyana kwa kasungidwe ka mnyamata wa miyezi 17 uja ndi ka ana anai amene anakhala kwa a Robertson.
5. Cifukwa ninji mlezi ayenera kusintha cinthu cimodzi cokha pa nthawi imodzi?
6. Lembani malamulo anai a kagonekedwe ka mwana wakhanda.
7. Ndi zizindikiro ziti zimene zionetsa kuti mwana afunika kupita ku cipatala msanga?

Nchito yocita

Funsani mai wina wa kwanu amene ali ndi mwana wamng'ono kuti akuuzeni nthawi zimene mwana wace adya ndi kugona. Zilembeni mwa dongosolo pa pepala, kuyambira m'mamawa kufikira usiku, monga momwe mukadalembera mlezi watsopano.